Kukonza kuseri kwa nyumba mosaboola m'thumba

Ku Ching'ambo, mumzinda wa Mzuzu, mapuloti ambiri ndi aang'ono ndipo malo otsika amadikha madzi, poti mvula kumeneko imagwa mpaka Epulo kapena Meyi. N'chifukwa chake wamalonda wofuna kukonza kuseri kwa nyumba amayamba wakumba ngalande, maluwa pambuyo. Popanda ngalande, madzi amakokolola dothi ndi mbande zomwe, ndalama n'kulowa m'madzi.

M'mbali mwa ngalandeyo amadzala udzu wa vetiva chifukwa mizu yake imagwira dothi. Panjira amayala zidutswa za njerwa ndi utuchi wa kwa ocheka matabwa kuti matope asalowe m'nyumba. Utuchi wosaola sathira pabedi chifukwa ukamaola umalanda chakudya cha mbewu.

Mpiru, repu ndi anyezi zimakula bwino m'matumba akale a feteleza oboola kunsi, odzaza dothi losakaniza ndi manyowa a nkhuku owolerana. Masamba ofota otsala pabenchi amasanduka kompositi, pomwe kapinga ndi mbewu za maluwa amangopempha kwa aneba.

Kwa wokhala nyumba ya lendi, matumba ali ndi ubwino winanso: landilodi akapereka notisi, dimba limasamuka limodzi ndi katundu.