Kodi mumadziwa? Za maiki ya kondensa ya mu situdiyo ya kunyumba

Kodi mumadziwa kuti nyimbo ya Ocean Eyes, imene inatchukitsa Billie Eilish kuyambira m'chaka cha 2015, inajambulidwa m'chipinda chogona ku Los Angeles? Amene ankajambula ndi mchimwene wake Finneas, ndipo maiki inali Audio-Technica AT2020, yomwe mtengo wake ku America umazungulira pa madola 100. Maiki ya Neumann U 87, imene masitudiyo akuluakulu amanyadira, imapitirira madola 3,000. Ndayambira pamenepa chifukwa achinyamata ambiri oimba amagwa ulesi poganiza kuti mawu oyera amafuna maiki ya mamiliyoni. Maiki yotchipa yabwino ilipo, bola munthu adziwe chimene akugula komanso malo amene akukaiimika.

Kodi mumadziwa kuti mkati mwa maiki ya kondensa muli kachikopa kopyapyala kwambiri? Kamakokedwa n'kumangidwa ngati chikopa cha ng'oma, koma n'kapulasitiki kopakidwa golide pang'ono, kopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Kuseri kwake kuli kachitsulo kosasuntha, ndipo pakati pa ziwirizi pali magetsi. Mukaimba, mpweya umagwedeza kachikopako, mpata wa pakati pa iko ndi kachitsulo umasinthasintha, ndipo kusinthako n'kumene kumasanduka mawu a mu waya. Popeza kachikopako n'kopepuka zedi, kamagwedezeka ngakhale ndi kunong'ona, kupuma, kapena kukhudza kwa chala pa nsambo ya gitala. Maiki ya dayinamiki, monga Shure SM58 imene timaiona m'matchalitchi ndi m'maukwati, ili ndi koyilo ya waya yomatidwa ku chikopa chake, choncho ndi yolemerako ndipo simva tinthu ting'onoting'ono chomwecho.

Kodi mumadziwa kuti luso limeneli lapitirira zaka 100? E. C. Wente wa kampani ya Western Electric ku America ndiye anapanga maiki ya kondensa m'chaka cha 1916. Georg Neumann anatsegula kampani yake ku Berlin mu 1928, n'kuyamba kugulitsa maiki ya CMV 3 imene anthu ankaitcha botolo chifukwa cha maonekedwe ake. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kunabwera U 47, imene Frank Sinatra ndi The Beatles anaimbirapo.

Kodi mumadziwa kuti maiki ya kondensa siilira popanda magetsi akeake? Apa ndi pamene ambiri amalirira ndalama zawo. Munthu amagula maiki yabwinobwino, kufika kunyumba, kuilumikiza ku laputopu ndi kachingwe ka mahedifoni, n'kupeza zii. Amayamba kutukwana wogulitsa kuti wamupatsa chinthu chakufa, pomwe maikiyo ikungosowa mavoti 48 amene amatchedwa phantom power. Magetsi amenewa amayenda m'chingwe chomwecho cha XLR, cha mano atatu chija, chimene chimanyamulanso mawu. Amachokera mu mikisa kapena mu kabokosi kotchedwa audio interface, komwe ambiri amangokatcha saundi kadi. Musanagule saundi kadi, yang'anani ngati ili ndi batani lolembedwa 48V. Focusrite Scarlett Solo ili nalo, Behringer UMC22 ndi UM2 zilinso nalo ndipo ndi zotsikirapo mtengo. Choncho ndalama ya maiki ya kondensa muziiwerengera pamodzi ndi ya saundi kadi, chingwe, sitandi ndi mahedifoni. Amene ali ndi ndalama yokwanira maiki yokha yodula, kuli bwino atsike agule yapakatikati kuti zinazo zikwanire.

Nanga n'chifukwa chiyani 48, osati 50 kapena 40? M'chaka cha 1966 akatswiri a Neumann anapita ku nyumba youlutsira mawu ya NRK ku Oslo, m'dziko la Norway. Kumeneko masitudiyo anali kale ndi magetsi a mavoti 48 oyatsira nyali zadzidzidzi, ndipo anapempha kuti mamaiki atsopano azigwiritsa ntchito omwewo. Maiki ya KM 84 inapangidwa motero, ndipo nambala ija inakhazikika dziko lonse mpaka lero.

Ubwino wina ulipo kwa ife a kuno kumene magetsi amathimathima. Masaundi kadi ang'onoang'ono amenewa amatenga mphamvu ku laputopu kudzera pa USB, n'kuikweza yokha kufika pa mavoti 48. Magetsi akathima, ntchito imapitirira malinga batire ya laputopu ikhale ndi moto. Nthawi imeneyo firiji imakhala chete, wailesi ya aneba chete, ndipo kulira kwa mmmm kumene kumalowa m'mawu kuchokera ku magetsi athu a 50 Hz kumasowa. Mukamva kulira kotere masiku ena, yesani kuzula chaja ya laputopu, nthawi zambiri kumatha pomwepo.

Kodi mumadziwa kuti kukula kwa maiki sikunena kanthu za kukula kwa kachikopa ka mkati? Pali maiki ina yofala kwambiri yolembedwa BM-800, yonyezimira mwagolide, imene imagulitsidwa ndi sitandi yopindika, siponji ndi kabokosi ka V8, zonse pamtengo wochepa. Mukaitsegula mumapeza kabatani kakang'ono ka maiki kataikidwa pakati pa chibokosi chachikulu. Pocheza pa Facebook kapena pa TikTok imagwira ntchito, ndipo sindikunyoza amene anayambira pamenepo. Koma pojambula nyimbo yoti ikamveke pa wailesi, phokoso lake la ssss limavutitsa, ndipo mitundu yambiri ya V8 situlutsa mavoti 48 oyendetsera maiki yeniyeni ya situdiyo mukadzaigula. Ineyo ndingalangize munthu kuti apirire miyezi ingapo akusunga ndalama, n'kugula kamodzi chinthu chimene chidzamutumikira zaka zambiri.

Izi sizikutanthauza kuti mtundu wa maiki umenewu, wotchedwa electret, ndi wachabe. Gerhard Sessler ndi James West anaupanga ku Bell Labs mu 1962, ndipo nzeru yake ndi yoti magetsi a kachikopa amakhala atasungidwiratu m'kapulasitiki kapadera. West, yemwe ndi mmodzi wa akatswiri akuda otchuka pa zopangapanga ku America, analemekezedwa pamodzi ndi Sessler mu National Inventors Hall of Fame mu 1999. AT2020 ija nayonso ndi electret, yokhala ndi kachikopa ka mamilimita 16. Kusiyana kwagona pa kapangidwe ndi chisamaliro cha opanga.

Kodi mumadziwa kuti maiki iliyonse ya kondensa ili ndi kaphokoso kakekake ngakhale m'chipinda muli chete? Pa katoni kapena pa pepala la maiki yang'anani mzere wolembedwa self-noise kapena equivalent noise. Nambala ikachepa, ndiye kuti maiki ndi yachete. AT2020 ili ndi madesibeli 20, inzake ya AT2035 ili ndi 12, pomwe Røde NT1-A yochokera ku Sydney, m'dziko la Australia, ili ndi 5 okha. Woimba mokweza, wa dansiholo kapena wa rapu, sangamve kusiyana kwenikweni pakati pa zimenezi. Koma wolakatula ndakatulo, wowerenga nkhani, kapena woimba motsitsa ndi gitala ayenera kuiganizira nambala imeneyi. Wogulitsa akalephera kukuonetsani nambalayi paliponse, kayikirani.

Kodi mumadziwa kuti maiki ya kondensa imajambula chipinda chanu pamodzi ndi mawu anu? Nkhani yaikulu yagona apa, ndipo ndi imene anthu amaithawa chifukwa siigulidwa m'sitolo. Chipinda cha zipupa za simenti, pansi pa simenti ndi denga la malata lopanda siling'i chimabweza mawu mbali zonse. Khutu lanu linazolowera moti simuzimva, koma maiki imatola zonse, ndipo mawu amatuluka ngati munthu akuimbira kutali. Onjezanipo tambala wa kuseri, ana osewera pabwalo, hutala ya minibasi ndi mvula yogunda pa malata. Ngakhale maiki ikhale yodula, zonsezi imazimvabe. N'kovuta kuchotsa mawu obwerera amenewa ndi pulogalamu ya pakompyuta popanda kuwononga mawu enieniwo.

Mankhwala ake ambiri muli nawo kale m'nyumba. Imikani matiresi kumbuyo kwa woimba, chifukwa maiki yayang'ana kumeneko ndipo mawu obwerera kuchokera ku chipupa chimenecho ndi amene amalowa mosavuta. Pachikani mabulangete okhuthala m'mbali, osawamata ku chipupa koma kusiyako kampata. Yalani kalipeti pansi. Kuimbira kutsogolo kwa kabati yotsegula yodzaza zovala kumathandizanso. Pewani kuima pakona kapena pakati penipeni pa chipinda.

Matileyi a mazira amene timawaona atakhomedwa m'masitudiyo ambiri sathandiza monga anthu amaganizira. Ndi opyapyala komanso opepuka, satchinga phokoso lochokera kunja ngakhale pang'ono, ndipo amagwira moto msanga. Chotchinga phokoso la kunja ndi kulemera kwa chipupa ndi kutseka mipata ya pazitseko ndi m'mawindo. Zikakanika, jambulani usiku kapena m'bandakucha tambala asanalire.

Kodi mumadziwa kuti mawu a Michael Jackson m'nyimbo zambiri za mu chimbale cha Thriller, cha 1982, anajambulidwa pa maiki ya dayinamiki? Katswiri wojambula, Bruce Swedien, anasankha Shure SM7 ngakhale anali ndi mamaiki a kondensa odula kwambiri. Ngati mumakhala pafupi ndi msewu, msika kapena chigayo, musachite manyazi kugula dayinamiki. Mumaiyandikira kwambiri pakamwa, ndipo mawu anu amaposa phokoso la kunja. Kondensa ndi ya munthu amene angathe kupeza bata.

Kodi mumadziwa kuti mamaiki ambiri a situdiyo amamvera m'mbali, osati pamutu? Kutsogolo kwake ndi kumene kuli chizindikiro cha kampani kapena kadontho kagolide. Ambiri ndi a mtundu wa cardioid, omva bwino kutsogolo n'kukana zakumbuyo. Mawu akamamveka ofowoka komanso akutali pa maiki yatsopano, yambani mwaitembenuza musanaibweze kusitolo.

Imani masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa maiki. Mukayandikira kwambiri besi imachuluka ndipo mawu amafufuma. Mukatalikira kuwirikiza kawiri, mawu amatsika ndi madesibeli pafupifupi 6 ndipo chipinda chimayamba kumveka. Pakati pa pakamwa ndi maiki ikani kasefa kotchedwa pop filter, koletsa mpweya wa zilembo ngati p, ph ndi b. M'chinenero chathu mpweya woterewu ndi wochuluka: yesani kunena phiri, mphepo kapena mphamvu mutaika dzanja pakamwa. Kasefa kameneka mukhoza kupanga nokha ndi waya wa hang'ala ndi kansalu kopyapyala ka nayiloni.

Kodi mumadziwa kuti chinyezi ndi mdani wamkulu wa kondensa? Kampata ka pakati pa kachikopa ndi kachitsulo n'kakang'ono zedi, ndipo fumbi likasakanikirana ndi chinyezi pamenepo maiki imayamba kuthetheka, kulira ngati mphepo, kapena kuzimirira mawu. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, komanso m'madera a m'mbali mwa nyanja, musaisiye pa sitandi usiku wonse. Ibwezereni m'bokosi lake pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano. M'chilimwe iphimbeni kuti fumbi lisalowe. Kuuzira mpweya pa maiki kapena kuimenya ndi chala poyesa ngati ikugwira ndi chizolowezi choipa, ingolankhulani. Ndipo zimitsani batani la 48V, mutsitse voliyumu, musanazule kapena kulumikiza chingwe.

Kodi mumadziwa kuti kwaya siifuna maiki ya munthu aliyense? Mamaiki awiri ang'onoang'ono a kondensa, monga Behringer C-2 kapena Samson C02 amene amagulitsidwa awiriawiri, akhoza kujambula kwaya yonse ataimikidwa patsogolo, pamwamba pang'ono pa mitu ya oimba. Pamafunika saundi kadi ya makomo awiri a XLR, monga Scarlett 2i2. Apa tchalitchi chokhala ndi mawu obwerera pang'ono chimakometsa nyimbo, ndipo ntchito yaikulu imakhala yoimika oimba kuti asoprano asaphimbe a besi.

Nanga maiki ya USB? Imakhala ndi saundi kadi yake mkati, choncho mumangoilumikiza ku kompyuta. Kwa wojambula mapulogalamu olankhula ndi yokwanira ndipo imapulumutsa ndalama. Vuto lake ndi loti simungailumikize ku mikisa, komanso kugwiritsa ntchito ziwiri nthawi imodzi kumavuta. Røde inatulutsa NT1 ya m'badwo wachisanu mu 2023 yokhala ndi XLR ndi USB pamodzi, koma mtengo wake ndi wokwererapo.

Kodi mumadziwa kuti mamaiki otchuka ndi amene amakoperedwa kwambiri? Ma SM58 ndi ma U 87 achinyengo ali mbwee pamsika wa dziko lonse, ndipo katoni yake imaoneka ngati yeniyeni. Mukatuma m'bale amene ali ku Johannesburg kapena ku London, muuzeni akagule m'sitolo yodziwika ya zida zoimbira ndipo abweretse lisiti. Mtengo ukatsika mopitirira muyeso, chinthucho si chenicheni. Maiki yogwiritsidwapo kale ntchito ikhoza kukhala yabwino, koma musalipire musanaiyese. Pitani ndi mahedifoni anu, ilumikizeni ku saundi kadi, yatsani 48V, dikirani kamphindi, kenako kwezani mawu mutakhala chete kuti mumve ngati ikuthetheka. Gwedezani chingwe pang'ono pamene chalowera, lankhulani motsitsa ndi mokweza, ndipo jambulani mizere ingapo ya nyimbo yanu yomwe kuti mukaimvere pa sipika ina musanatulutse ndalama.