Foni yanu siifuna sopo

Lachiwiri lapitali, dzuwa lili paliwombo, amayi ena ogulitsa zitenje mumsika wa Limbe anafika pabenchi yanga atakulunga foni m'kampango ngati mwana wopita naye kusikelo. Foniyo inali bwinobwino. Inkayaka, inkalira, sikirini yopanda ngakhale kamng'alu. Koma m'kati munali mbee. Akuti inkachedwa kwambiri, ndiye mdzukulu wawo anaipanga reset, kutanthauza kuibwezera mmene inalili tsiku lotuluka m'katoni. Manambala a makasitomala, a anthu owapikulitsa katundu ku Dar es Salaam ndi ku Lusaka, pamodzi ndi mndandanda wa onse amene anatenga zitenje pangongole, zonse zinapita.

"Achimwene, anthu akuti inu mumabweza zofufutika."

Ndinawafunsa ngati foniyo inali ndi akaunti ya Google. Anati inalipo, anawatsegulira mnyamata wa pashopu pamene anagula foni, koma dzina la akauntiyo ndi pasiwedi yake sanazionepo. Ndinawauza zoona. Mafoni a masiku ano amasunga zinthu zitakhomedwa ndi kiyi wachinsinsi, ndipo reset imataya kiyiyo. Wina akakulonjezani kuti abweza zonse mukamupatsa kangachepe, akungofuna ya ndiwo.

Amayi aja anakhala duu, napukuta kumaso ndi kampango kaja. Kenako anati, "Chabwino, zagwa zatha. Ndiye mundiikireko zotsukira zija. Inali nazo zisanu ndi chimodzi."

Ndinaika pansi sikuludiraiva. Zotsukira zisanu ndi chimodzi, koma popanda ngakhale pulogalamu imodzi yosunga kope la mayina awo kwinakwake.

Ndakhala pa ntchito ya makompyuta ndi mafoni zaka zoposa 20, ndipo palibe bodza landitopetsa ngati ili lakuti foni imada ngati malaya, ndiye imafuna kuchapidwa m'mawa uliwonse. Mayina ake mumawadziwa: cleaner, booster, battery saver, cooler. Chomalizachi ndiye chimandithetsa mawu. Pulogalamu ingaziziritse bwanji foni? Ilibe fani, ilibe madzi. Imangokuonetsani chithunzi cha chipale chikugwa pasikirini, uku iyo yomweyo ikuthamangitsa purosesa, kachipangizo kamene kamachita masamu onse m'foni, komwenso ndi kamene kamatentha.

Chisokonezo chimayambira pa mawu akuti memore, chifukwa m'foni muli mitundu iwiri ndipo tonse timangoitchula dzina limodzi. Woyamba ndi storage, uja amalemba 32GB kapena 64GB pakatoni. Umenewu ndi chipinda chosungiramo mabelo. Wachiwiri ndi RAM, uja wa 2GB kapena 3GB, ndipo umenewu ndi benchi yoyalapo katundu. Wogulitsa wochenjera amayala pabenchi zitenje zimene anthu amafunsa kawirikawiri, kuti wina akangoloza, iye n'kutambasula pomwepo. Android imachitanso chimodzimodzi. WhatsApp, manambala ndi kalendala imazisiya pabenchi, ndipo malo akachepa imachotsa yokha chimene chakhalitsa osakhudzidwa. Tsono ifike booster. Imasesa benchi yonse, kubwezera katundu kuchipinda, n'kukuuzani monyadira kuti yamasula malo ochuluka. Pasanathe mphindi zingapo mapulogalamu aja adzukanso, foni yayamba kusenza katundu yemweyo kuchokera kuchipinda. Kusenzako n'kumene kumadya batire ndi kuchedwetsa foni. Ndiye ganizirani anyamata asanu ndi mmodzi, aliyense ndi tsache lake, akusesa benchi imodzi pamene mwini wake akuyala.

Nanga zinyalala zimene zimati zapeza? Zambiri mwa izo ndi cache, tizidutswa ta zithunzi ndi masamba timene foni inasunga dala kuti isakatengenso pa intaneti. Mukafufuta lero, mawa ikatenganso, pa bandulo yanu.

Opanga mapulogalamuwa sakukuchitirani chifundo pokupatsani ulere. Ndalama zawo zili pa malonda amene amatulukira pasikirini. Chenjezo lofiira lija, lakuti foni yanu ili pangozi, ntchito yake ndi kukuopsezani kuti mutsegule pulogalamuyo, muone malonda ena. M'mwezi wa February 2020, Google inachotsa mapulogalamu pafupifupi 600 mu Play Store chifukwa cha malonda osokoneza, ndipo m'gulumo munali a kampani ya Cheetah Mobile, imene inapanga Clean Master, chotsukira chotchuka kuposa zonse pa nthawiyo. Koma ena anamera m'malo mwake ngati bowa, ndipo kwathu kuno anthu amagawana pa Bluetooth osadutsa n'komwe ku Play Store.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhani yosunga mayina, masiku ndi ngongole m'thumba inakonzedwa kalekale, ndi tizipangizo tofooka kwambiri poyerekeza ndi foni yotsika mtengo ya lero. Kampani ya Psion ya ku London inatulutsa Organiser yake mu 1984. Apple inayesa ndi Newton mu 1993, koma inali yaikulu, yodula, ndipo inkalephera kuwerenga bwino zolemba za anthu mpaka inasanduka choseketsa. Anaisiya mu 1998. Amene anapeza njira anali Jeff Hawkins ndi anzake a ku Palm, ku California, ndi kachipangizo kotchedwa Pilot mu 1996. Asanapange chilichonse, Hawkins anasema kathabwa kokwana m'thumba la malaya, namayenda nako paliponse. Wina akamuuza za msonkhano, ankatulutsa kathabwako n'kuyerekezera kulemba ndi kamtengo, kuti aone zimene munthu amafunadi pa tsiku. Anapeza kuti n'zochepa. Pilot inatuluka ndi mabatani anayi akuluakulu: kalendala, mayina ndi manambala, mndandanda wa zochita, ndi polemba zokumbukira. Ukadina batani, chinthucho chatseguka, osadikira.

Pilot 1000 inali ndi memore ya 128KB. Chithunzi chimodzi chimene mumajambula pa ukwati lero sichikanakwanamo. Komabe inkasunga mayina mazanamazana ndi kalendala ya chaka. Inkayendera mabatire awiri ang'onoang'ono a AAA, ndipo ankatha masabata. Polemba unkagwiritsa ntchito kandodo ndi zilembo zosavuta zotchedwa Graffiti, mwachitsanzo A unkamulemba wopanda kamzere kapakati, ngati denga la nyumba.

Ine ndinakumana ndi ma Palm cha m'ma 2005, ndikugwira ntchito kubungwe lina lochita kafukufuku m'midzi. Anali amakono kuposa Pilot, koma nzeru yake inali yomweyo. Zaka zomwezo azaumoyo ku Zambia ndi ku Kenya ankasonkhanitsa mayankho pa ma Palm ndi pulogalamu ya EpiSurveyor, ntchito imene lero ambiri amaichita ndi ODK kapena KoboToolbox pa mafoni a Android. Tinkawonjezeramo mapulogalamu, inde. Documents To Go inkatsegula mafayilo a Word ndi Excel. AvantGo inkakopera masamba a nkhani kuti ukawerenge kopanda netiweki. Madokotala ankakonda Epocrates yofotokoza za mankhwala. Koma poti malo anali ochepa, pulogalamu iliyonse inkayenera kudzilipirira lendi ndi ntchito yake. Yosagwira ntchito inkatuluka.

Ndipo panali chinthu chachisanu, chimene kwa ine ndi chachikulu kuposa mabatani anayi aja. Ma Palm ambiri ankabwera ndi kampando kolumikiza ku kompyuta, kokhala ndi batani limodzi lotchedwa HotSync. Ukaikhazika n'kudina, zonse za m'thumba zinkakopedwa pa kompyuta, ndipo za pa kompyuta zinkalowa m'thumba. Ndiyo sync imeneyo: zinthu zomwezo kukhala malo awiri, mbali ziwirizo zikugwirizana. Sitinkachita izi chifukwa cha ukhondo. Ma Palm akale ankaiwala zonse mabatire akatheratu kapena ukachedwa kuwasintha. Choncho lamulo lathu linali lakuti palibe wogona asanadine batani lija. Mnyamata wina anabwera kuchokera kumudzi Palm itazima, m'kati mulibe kanthu, akunjenjemera poganiza kuti ntchito yamuthera. Tinaikamo mabatire, tinaikhazika pakampando, ndipo zonse zinabwerera, kupatula za tsiku limodzi lokhalo.

Palm inagulidwa ndi HP mu 2010, iPhone ndi Android zitalanda msika. Foni ya 32GB imene amayi aja anabwera nayo ili ndi malo oposa a Pilot 1000 ka 250,000. Ili ndi HotSync yakeyake yosafuna kampando kapena waya, yongofuna akaunti ndi data pang'ono. Koma palibe anawauza. Anawauza za zotsukira, za makibodi a maluwa, za tochi yowala kuposa tochi inzake. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Malo andithera ndisananene zoti ndi mapulogalamu ati othandiza, ndiye ndithamange. Ambiri mwa iwo ali kale m'foni mwanu. Posunga nambala, foni imafunsa koisunga. Sankhani akaunti ya Google, osati SIM kapena foni. SIM imasunga dzina ndi nambala imodzi basi, ndipo zambiri zimadzaza pa mayina 250. Kuti mutsimikize kuti sync ikuyenda, tsegulani contacts.google.com pa foni ina kapena pa kompyuta, muone ngati mayina anu akuoneka. Kamodzikamodzi tulutsani mayina onse kukhala fayilo imodzi, ija imathera ndi .vcf, muiike pa memore khadi. Za masiku a misonkhano, a banki m'khonde ndi a fizi, Google Calendar imakwana. Zokumbukira ndi timindandanda, Google Keep imalemba ngakhale kulibe netiweki, n'kutumiza kope netiweki ikabwera. Ngongole zimakhala bwino mu Google Sheets chifukwa imawonkhetsa yokha, ngakhale pa foni ya RAM ya 1GB imalemera, ndipo ine sindingauze munthu wa geni kuti ataye kope lake la pepala. Likhale, ziwirizo zizithandizana.

Sindikunena kuti Google ndi mngelo. Nayonso imapeza ndalama pa malonda ndi pa kukudziwani. Malo aulere ndi 15GB ogawana ndi Gmail ndi zithunzi, ndipo kuyambira 2024 backup ya WhatsApp imadyanso pomwepo. A iPhone ali ndi iCloud, yaulere ndi 5GB. Amene sakufuna kuika mazira onse kwa nkhuku imodzi angayese Simplenote kapena Joplin polemba zinthu, koma Joplin imafuna munthu woleza mtima poikonza. Pulogalamu ina iliyonse imene mnzanu wakuyamikirirani, iyeseni chonchi: zimitsani data muone ngati ikutseguka, fufuzani ngati imalola kutulutsa zimene mwalembamo, ndipo onani zimene ikupempha. Tochi yopempha kuona manambala anu ndi mauthenga anu ili ndi ntchito ina imene sinakuuzeni. Mu 2023 Google inaletsa mapulogalamu obwereketsa ndalama kuona manambala ndi zithunzi za anthu, chifukwa ena ankachititsa manyazi angongole kwa abale awo. PIN ya Mpamba kapena Airtel Money musailembe m'pulogalamu iliyonse.

Foni ikadzaza, pitani ku Settings muone chadzaza n'chiyani, kapena gwiritsani ntchito Files by Google. Nthawi zambiri, osati zonse, wolakwa ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, a kumpingo, a pachibale, a anzanu a kusekondale. Zimitsani zoti azidzilowera okha. Foni ikachedwabe, mwina yangokalamba, kapena RAM yake njochepa pa mapulogalamu a lero, ndipo palibe sopo wa zimenezo.

Amayi aja tinatsegula nawo akaunti yatsopano, akudina okha, ine ndikungoloza. Dzina ndi pasiwedi analemba ndi dzanja lawo kuchikuto cha kope, ndipo ndinawapempha kuti likakhale kunyumba pamodzi ndi mabuku a kuchipatala, osati m'chikwama chimodzi ndi foni. Angongole amene anawakumbukira pamtima tinawalemba pomwepo. Otsalawo anati akawazindikira nkhope akamadutsa mumsika, makamaka amene ayambe kuyang'ana kumbali.

Atanyamuka anatembenukira pakhomo. "Ndiye ngakhale kamodzi kokha, achimwene? Kaja ka tsache?"

"Ngakhale kamodzi, amayi."

Anapukusa mutu, nakulunganso foni m'kampango. Lachisanu mdzukulu uja anabwera ndi foni yake, akuti ikuchedwa. Ndinawerenga zotsukira: zinayi.