ZA UTSI NDI MADZI ODUMPHA MALIRE

Ndifuna kukamba za mlandu wina wobvuta. Fakitale ya m'dziko lina ikaononga munda wa munthu wa tsidya lina la malire, kodi mwini mundayo akadandaule kwa yani? Boma lace liribe mphamvu kumene kucokera utsiwo.

Mlandu wotere unamveka kwambiri ku Trail, mudzi wa ku Canada umene uli pafupi ndi malire a America. Kumeneko kuli ng'anjo yaikuru yosungunulira miyala ya mtovu. Mu 1925 ndi 1927 eni ace anamanga macumuni awiri, liri lonse lotalika mapazi oposa 400. Poyamba zinaoneka ngati nzeru, koma mphepo inangosenza utsi woipa uja nkutsika nawo m'cigwa ca mtsinje wa Columbia, kukautula pa minda ndi mitengo ya alimi a m'cigawo ca Washington. Mbeu zinapserera. Maboma awiriwo anakangana zaka zambiri ndithu. Canada inabvomera kulipira madola 350,000, ndipo mu 1938 oweruza anaonjezerapo 78,000. Koma cacikuru, m'kuona kwanga, cinadza mu 1941, pamene oweruzawo anagamula kuti palibe dziko liri ndi ufulu wolola utsi wa kwao kukaononga zinthu kwa mnansi. Maiko atasonkhana ku Stockholm mu 1972 anabvomerezanso mfundo yomweyi.

Wina adzati, ku Canada nkutali. Cabwino, tiyeni tibwere kwa anansi athu ku Zambia. Pa 18 February 2025 damu losungiramo zotsalira za mkuwa la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi anakalowa mu mtsinje wa Kafue. Nsomba zinafa zambirimbiri, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipope, ndipo boma linacita kuthira laimu mumtsinjemo ndi ndege. Tsono taonani pa mapu: Kafue amathira mu Zambezi pafupi ndi Chirundu, ndipo Zambeziyo amapitirira mpaka ku Tete. Ncifukwa cace maiko a SADC anapangana mu 2000 za kasamalidwe ka mitsinje yogawana.

Ife a kuno ku Area 23 tisadziyese opanda mbali. Lamulo loyamba lalikuru losamalira cilengedwe m'Malawi linadza mocedwa, mu 1996, ndipo lina linalowa m'malo mwace mu 2017. Limafuna kuti munthu asanamange fakitale yaikuru ayambe wafufuza bwino cimene idzaononga. Pamenepa mpoyenera, pakuti nafenso tiri kumtunda kwa anzathu. Mvula ikagwa, oilo wakuda wa m'magalaja ndi mapepala a pulasitiki a m'ngalande zathu zimatsikira mu mtsinje wa Lilongwe. Lilongwe amathira mu Linthipe, Linthipe m'nyanja ku Salima, nyanja imene amaweramo nsomba ndi a ku Tanzania ndi Mozambique omwe. Ndipo Shire amatenga madziwo kukawapereka kwa Zambezi.