Kuiwalaiwala kwa odwala impso kusamatengedwe ngati mwano

Munthu wa ku Bolero kapena ku Hewe akauzidwa kuti impso zake zasiya kugwira ntchito, abale amayamba kuganiza za ulendo. Pachipatala cha boma cha Rumphi palibe makina osefa magazi, ndipo kwa zaka zambiri odwala a kumpoto ankatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 400. Ena ankangosamukira komweko, munda wa fodya nkusiyira achibale.

Koma pali vuto lina lomwe limabwera mwakachetechete. Wodwala akakhalitsa pa makina, nzeru zimayamba kuchepa mphamvu. Bambo amene ankawerengetsa yekha ndalama za mabelo ku okushoni amayamba kusokoneza chenji cha minibasi. Amaiwala ngati wamwa mapiritsi a BP, mwina nkumwa kawiri. Namwino amuuza kuti achepetse madzi, mchere ndi nthochi, iye avomera, pofika madzulo zonse zauluka. Omuyang'anira amati ndi mwano kapena ukalamba, ena mpaka kuganizira zaufiti.

Gwero lake lili m'mitsempha. BP ndi shuga, matenda amene amapha impso za anthu ambiri, amawononganso timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo. Makinawo akamachotsa madzi ambiri m'maola ochepa, BP imatha kutsika mwadzidzidzi ndipo magazi opita ku ubongo amachepa. Zikamachitika sabata ndi sabata kwa zaka, ubongo umavulala pang'onopang'ono. Kuchepa kwa magazi, poizoni wotsalira m'thupi, sitiroko, msinkhu ndi kukhumudwa zimawonjezera moto.

Ku Minnesota m'dziko la America, kafukufuku yemwe anatuluka mu 2006 anayeza odwala 338 a pa makina a zaka 55 kupita m'tsogolo. Pa 100 aliwonse, 37 anapezeka ndi vutoli lili lalikulu, koma amene madokotala anali atawalemberapo kale m'mafayilo anali atatu okha pa 100. Ngati zinkaphonyeka kumeneko, kuli bwanji kuno kumene namwino mmodzi amathamangira mabedi angapo?

Kwa wodwala wa ku Rumphi amene ali ku Lilongwe pali chinanso. Amene angaone msanga kuti munthu wasintha ndi mkazi wake, mlongo wake, anzake a kutchalitchi. Onsewo atsala kumudzi. Iye ali mumzinda wa eni, akufunsidwa m'Chichewa pomwe amaganiza m'Chitumbuka, ndiye akachedwa kuyankha anthu amangoti ndi chilankhulo.

Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sadziwa. Kayezetseni kuchipatala chapafupi impso zisanafooke. Inu amene mukudwazika m'bale wanu pa makina, musungireni mankhwala, mulowe naye limodzi kwa dokotala, ndipo mukaona akuiwala zomwe kale sankaiwala, nenani kuti zilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala.