Sitima ikafika padoko, matenda amatsika nawo

Amalonda athu a ku Limbe ndi Lilongwe akamva za Beira, Nacala kapena Durban, chimene chimabwera m'mutu ndi kontena yochedwa basi. Komatu sitima isanatsitse ngakhale katoni imodzi, kaputeni amayenera kudzaza chikalata chouza a zaumoyo apadoko ngati wina wadwala kapena kumwalira panjira. Amatero malamulo a bungwe la WHO a 2005. Sitima imakwezanso mbendera yachikasu, kutanthauza kuti muno tonse tili bwino, tiloleni tilowe.

Mwina wina anganene kuti ndi zotayitsa nthawi. Tamvani za ku Samoa.

Pa 7 November 1918, sitima ya Talune inafika padoko la Apia kuchokera ku Auckland, ili ndi anthu odwala chimfine. Akuluakulu a boma la New Zealand, amene ankalamulira zilumbazo, anangoilola, anthu nkutsika. Pasanathe miyezi iwiri, anthu pafupifupi 8,500 anali atamwalira, ndiye kuti m'modzi mwa anthu asanu alionse. Maliro mpaka osowa oika.

Pafupi pomwepo, ku American Samoa, bwanamkubwa John Martin Poyer anatseka doko, osalola aliyense kulowa chisawawa. Kumeneko chimfinecho sichinaphe munthu ndi m'modzi yemwe. Nyanja yake yomweyo, anthu ake achibale, kusiyana kwake padoko pokha.

Koma nkhaniyi si yophweka choncho ayi. Kutsekera anthu m'sitima nakonso kuli ndi zake. Mu February 2020, boma la Japan linabindikiritsa sitima ya Diamond Princess padoko la Yokohama, muli anthu 3,711, kaamba ka Covid-19. Opezeka ndi matendawa anakwana 712. Apaulendo anauzidwa kukhala m'zipinda zawo, pomwe antchito, osaukawo, ankayendabe khomo ndi khomo kugawa chakudya, usiku nkukagona mothithikana. Nanga matenda akanaleka bwanji kufala?

Vuto lina ndi la ndalama. Sitima ikaima tsiku limodzi, mwini wake amataya zambiri, ndiye kaputeni amakhala pa mayesero obisa wodwala nkulemba kuti zonse zili bwino. N'chifukwa chake a zaumoyo apadoko ali ndi mphamvu zokwera okha m'sitima, kuyang'ana kukhitchini, m'mathanki a madzi akumwa, ngakhale kusaka makoswe ndi udzudzu. Chiphaso cha ukhondo chimene amapereka chimatha pakapita miyezi 6, kenako sitima iyenderedwenso.