Masiku oviika chinangwa si ofunika kuwadula

Pa Uliwa m'boma la Karonga, monga m'madera ambiri a m'mphepete mwa nyanja, nsima ya kondowole ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Amayi a kuno amadziwa kuti chinangwa chowawa amayamba achisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe, kenaka n'kuchiyanika padzuwa. Koma nthawi ya njala, kapena ufa ukamayenda malonda pamsika, ena amachivuula msanga. Apa mpomwe pagona ngozi.

Kuti timvetse bwino, tiyambire m'thupi. Thupi la munthu linapangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa maselo. M'kati mwa maselomo muli timbali tina totchedwa mitochondria, tomwe timagwira ntchito ngati mafuwa ophikirapo. M'menemo ndi momwe chakudya chimakumana ndi mpweya wa okosijeni n'kusanduka mphamvu yomwe mlimi amakwezera khasu komanso msodzi amapalasira bwato.

Ntchitoyi imagwiridwa ndi mapuloteni angapo omwe amapatsirana katundu ngati anthu opatsirana njerwa pamzere. Imodzi mwa iwo ndi cytochrome c, yomwe imapereka katundu wake kwa puloteni yomaliza pamzerewo, cytochrome c oxidase.

Chinangwa chowawa, monga cha mtundu wa Gomani, chili ndi mankhwala achilengedwe ambiri otchedwa linamarin, omwe amatulutsa poizoni wa cyanide. Chinangwa chosawawa ngati Manyokola chili nawo ochepa. Poizoniyu akalowa m'magazi amakagwira puloteni yomaliza ija, ndipo mzere wonse umaima. Munthu amapuma ndithu, koma maselo ake amalephera kugwiritsa ntchito mpweyawo. N'chifukwa chake wodya chinangwa chosaviikidwa bwino amamva mutu, chizungulire, amasanza, mwinanso kukomoka kumene.

Cytochrome c ili ndi ntchito yachiwiri. M'chaka cha 1996, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Xiaodong Wang ku America linapeza kuti puloteniyi ikatuluka m'mitochondria imalamula selo kuti ife mwadongosolo. Imfa yotereyi, yomwe madotolo amaitcha apoptosis, ndi yofunika: ndi yomwe imalekanitsa zala za mwana akadali m'mimba, ndiponso imachotsa maselo owonongeka asanasanduke khansa. Vuto limabwera pamene maselo abwinobwino, makamaka a mu ubongo omwe amafuna mphamvu zambiri, ayamba kufa chifukwa cha poizoni. Ambiri mwa amenewa akafa sabwereranso.

Anansi athu a ku Mozambique anaziona. M'chaka cha 1981, chilala chitavuta m'chigawo cha Nampula, anthu oposa 1,000, makamaka amayi ndi ana, anauma miyendo mwadzidzidzi atadalira chinangwa chowawa chokonzedwa mothamanga, ndiwo zili zosowa. Matendawa amatchedwa konzo, ndipo alibe mankhwala ochiza.

Izi sizikutanthauza kuti chinangwa chowawa n'choipa. Kafukufuku yemwe Linley Chiwona-Karltun ndi anzake anachita ku Nkhata Bay, yemwe anatuluka mu 1998, anaonetsa kuti alimi amachikonda chifukwa akuba ndi nyama zowononga m'munda sizichigwira msanga. Chikaviikidwa mokwanira ndi kuuma bwino, poizoni wambiri amachoka.

Thupi nalo lili ndi chitetezo chake. M'mitochondria a m'chiwindi muli puloteni ina, rhodanese, yomwe imasandutsa cyanide wochepa kukhala chinthu chotuluka ndi mkodzo. Koma kuti itero imafuna mchere wa sulphur, womwe thupi limaupeza mu zakudya monga nsomba, mazira ndi nyama. Choncho usipa wa ku Chilumba pambali pa kondowole umathandizanso kuteteza mwana, kuwonjezera pa kukometsa nsima.

Tsono mayi, mukamagula ufa pamsika, funsani kuti chinangwacho chinakhala m'madzi masiku angati. Ufa ukamawawa musauphike. Chigwada nacho muzichisinja bwino n'kuchiwiritsa mokwanira, poti masamba ali ndi poizoni yemweyo. Wina m'banja akayamba kusanza ndi kumva chizungulire atangodya kondowole, thamangirani naye kuchipatala osadikira kuti kuche.

Ndipo kwa inu oviika chinangwa, musachivuule chisanafewe ngakhale ana akulirira nsima. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.