Seva siidya mafayilo

"Seva yadya lipoti langa." Mawuwa ndawamvanso posachedwapa kwa mlembi wina wa pa boma pa Ntcheu, ndipo kunena zoona anditopetsa. Ena amanamizira netiweki, ena vairasi, ena mpaka kuganizira mnzawo wa mu ofesi kuti wachita chipongwe. Ine ntchito yanga ndi yosamalira maseva, ndipo ndikuti seva siidya kanthu. Fayilo imakhala pomwe mwaisiya, kungoti poisiyapo simunadziwe pomwe mwaima.

Ambiri timatumiza mafayilo ndi SFTP, njira yodutsa mu SSH, chitetezo chomwe Tatu Ylönen wa ku Finland anayambitsa mu 1995. Sikirini yake ndi yakuda, yopanda zithunzi, n'chifukwa chake anthu amaiopa. Koma chimene chimasokoneza si mdimawo. Mukangolowa, mumakhala malo awiri nthawi imodzi. Amene munagulako kabichi pa Lizulu mukudziwa kuti mbali ino ya msewu wa M1 ndi Malawi, tsidya linalo ndi Mozambique. Kompyuta yanu ndi mbali ino, seva ndi tsidya. Mukalemba cd mwasintha foda ya pa seva pokha, kwanu simunasunthe. Kwanu mumasuntha ndi lcd. Chimodzimodzi pwd amakuuzani foda yomwe muli pa seva, ls amakuonetsani zili m'menemo, pomwe lpwd ndi lls ndi za kwanu.

Mlembi uja analemba put, lamulo lotumizira fayilo ku seva, asanalembe cd. Lipoti linagwera mu home directory, foda yomwe seva imakufikitsirani mukangolowa, abwana ake n'kumafufuza kwina. Linali pompo, lathunthu.

China chimene chimagwetsa anthu ndi zilembo. Maseva ambiri amayendera Linux, ndipo kwa Linux "Malipoti" ndi "malipoti" ndi mafoda awiri osiyana. Wozolowera Windows zimenezi sazikhulupirira msanga.

Malangizo anga ndi ochepa, ndipo maseva amasiyana, choncho funsaninso amene amasamalira yanuyo. Mukasochera, cd .. amakubwezani ku foda ya m'mwamba. Netiweki ikaduka pakati, yesani reput kapena reget, nthawi zambiri amapitiriza pomwe panalekezera. Chenjerani ndi put, amafufuta fayilo ya dzina lomwelo osafunsa, ndipo chomwe mwachotsa ndi rm sichibwerera.

Chonde, musanatumize chilichonse, yambani mwalemba pwd. Ndi zilembo zitatu zokha.